Masamba Khumi ndi Atatu a Basela

Lachiwiri pa 12 Disembala 1978, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, amuna awiri ovala zovala wamba anatenga Zebedee Mwakalinga pa ntchito pake, m'nyumba yosindikizira mabuku ya mpingo pa Karonga Boma. Anamukweza m'galimoto yoyera yopanda zolemba m'mbali. Anamulola kutenga jekete, koma magalasi ake owerengera anatsala patebulo.

Zebedee anali ndi zaka 41, ndipo ntchito yake inali yowerenga mapulufu. Chilichonse chisanasindikizidwe, kaya ndi nyimbo za mpingo, makadi a ukwati, mabuku a malisiti kapena kanyuzi ka alimi a mpunga, ankayamba adinda tsamba limodzi loyesera, lomwe ndiye pulufu, n'kumupatsa iye. Iye ankaliyerekeza ndi zomwe mwini nkhani analemba, n'kuwongola ziganizo zopindika, manambala olakwika ndi mizere yodumphidwa. Akamaliza ankasaina m'munsi cha kumanja, n'kulemba tsiku, kenako n'kubaya tsambalo pa msomali wautali wa pakhoma. Mwezi ukatha masamba a pa msomaliwo ankawerengedwa. Tsamba lililonse lokhala ndi siginecha yake linali matambala 12.

Ntchitoyi anaiyamba mu Epulo 1971, pa matambala 5. Mwezi wabwino ankafika masamba 200, omwe ndi K24. Mu Febuluwale, mvula ikadula msewu ndipo mapepala akachedwa pa doko la Chilumba, ankapeza masamba 60 kapena kucheperapo. Anzake omwe anamaliza nawo sukulu n'kulowa uphunzitsi ankalandira zawo zonse mwezi ndi mwezi, kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Zebedee anamva kuti ku Blantyre anthu a ntchito ngati yake ankalandira kupitirira K100, ndipo analembako makalata atatu: mu 1973, mu 1975 ndi mu 1977. Yankho linabwera limodzi, la mizere iwiri. Komiti ya mpingo inamulonjeza kuti akakwanitsa zaka khumi idzamuika pa malipiro a pamwezi, K45, ndi penshoni. Zinali zitatsala zaka ziwiri ndi miyezi inayi.

Amene anakauza mkazi wake, Keziya, anali Manase, yemwe ankayala zilembo za mtovu ndi kuyendetsa makina. Anamupeza pamsika akugulitsa mpunga wa pambale. Manase anali atagwira magalasi aja ndi zala zakuda ndi inki, ndipo anayankhula m'Chinkhonde, motsitsa mawu.

"Alamu, longedzani. Tikayankhulire kunyumba."

"Bambo a Eliness akomoka?"

"Ali bwino. Awatenga."

"Ndani?"

"Sanatiuze maina, ndipo ife sitinafunse."

Keziya anakhuthulira mpunga wa m'mbale m'thumba, n'kumanga pakamwa pake ndi chingwe. Anafunsa chifukwa chake atadutsa kale mzere wa ogulitsa nsomba.

"Kalendala," anatero Manase.

Kalendala ya 1979 inali ya masamba 13: chikuto ndi miyezi khumi ndi iwiri. Anasindikiza makope 800, ndipo pofika kumapeto kwa Novembala inali itapachikidwa m'masukulu, m'masitolo ndi m'nyumba za akulu a mpingo kuyambira ku Chilumba mpaka ku Songwe. Inali ya mitundu iwiri. Masiku wamba anali akuda, pamene Lamlungu lililonse ndi masiku a tchuthi anali ofiira. Pa tsamba la Meyi, tsiku la 14, lokumbukira kubadwa kwa Mtsogoleri wa dziko, linatuluka lakuda ngati Lolemba lina lililonse. Kwa masabata awiri palibe amene anaona, poti anthu ankangoyang'ana chikuto. Pa 8 Disembala munthu wina pa malire a dziko ku Songwe, podikirira kuti katundu wake aonedwe, anatenga kalendala ya pasitolo n'kuvundukula masamba onse.

Pulufu imatuluka yakuda yokhayokha. Wowerenga ndiye amazunguliza ndi pensulo yofiira masiku oyenera kufiira, ndipo woyala zilembo amatsatira zomwezo. Amuna awiri aja atafika anapempha pulufu ya Meyi. Tsiku la 14 linali losazunguliridwa. M'munsi munali siginecha ya Zebedee ndi tsiku: 19 Okutobala 1978.

Zonsezi Manase anazifotokoza atakhala pakhonde la nyumba ya a Mwakalinga. Keziya anamuimitsa pa tsikulo.

"Pa 19 Okutobala tinali ku Lupembe. Apongozi anamwalira pa 15, tinawaika pa 17, kuno tinabwerako pa 21."

"Ndikudziwa, alamu. Inenso ndinabwera kudzalira."

"Nanga anasaina bwanji?"

Manase anayang'ana kumsewu kaye asanayankhe. "Basela."

Mawuwa Keziya ankawadziwa. Woyang'anira nyumba yosindikizira mabuku anali Bambo Patson Chimwaza, wa ku Ntcheu, amene ankalandira K140 pamwezi. Ntchito ikachuluka, kapena Zebedee akachokapo, Chimwaza ankawerenga yekha masamba ena. Masamba owerengedwa ndi iye analibe malipiro. Choncho kuyambira mu 1974 ankawasunga m'dirowa osasaina, atangolemba tsiku ndi pensulo pakona, ndipo mwezi ukamatha ankawapereka kwa Zebedee kuti asaine n'kubaya pa msomali ngati ake. Atatuwo ankawatchula kuti basela, monga kamulu kapamwamba komwe wogulitsa amaonjezera kwa wogula. Komiti sinkadziwa. Mu Okutobala, chifukwa cha maliro, Zebedee anali ndi masamba 115 okha. Pa 30 Chimwaza anamupatsa 13 a kalendala, ndipo Zebedee analandira K15.36. Basela inali K1.56. Keziya anagulira palafini ndi sopo.

"Abwana analakwitsa bwanji tsiku loti ngakhale mwana wa Sitandade 1 amalidziwa?" anafunsa Keziya.

"Anakopera. Anatsegula kalendala ya chaka chino n'kumasaka masiku ofiira omwe sali pa mzere wa Lamlungu. Anapeza 3 Malichi, anapeza 6 Julayi, anapeza Khirisimasi. Koma chaka chino 14 Meyi inagwa Lamlungu. Inali yofiira, inde, koma itabisala pakati pa zinzake. Amuna anu sakopera, masiku ali nawo m'mutu."

"Inu simunaone?"

"Ine ndimayala chozunguliridwa, alamu. Akazunguliza mbuzi, ndiyala mbuzi yofiira."

Keziya sanaseke, ndipo Manase anaika magalasi aja pamphasa n'kutsanzika.

M'mawa mwake, Lachitatu, Keziya anapita ku ofesi ina ya pa Boma yopanda chikwangwani pakhomo, komwe aliyense ankadziwa kuti galimoto yoyera imagona. Anadikira pabenchi maola atatu. Kalaliki wa pazenera anatsegula buku, n'kutsetsereka ndi chala mpaka pansi, n'kunena kuti dzina limenelo alibe. Anamuuza kuti adzafunsenso sabata ya mawa.

Lachinayi pa 14 anapita kwa Chimwaza. Makina anali chete. Pakona panali milu ya makalendala obwezedwa, omangidwa ndi luzi, akudikira moto. Chimwaza, munthu wonenepa wa zaka zopitirira 50, anaimirira kuti amulandire ndipo anatseka yekha chitseko.

"Mayi Mwakalinga, khalani. Masiku awiri awa ine sindinagone."

"Abwana, sindinabwere kudzafunsa za tulo."

Chichewa cha Keziya chinali cha kusukulu, komwe analekeza Sitandade 8, ndipo ankachiyankhula mosathamanga. Chimwaza anatulutsa envelopu. Munali K8.88 ya masamba 74 a Disembala, ndi K10 ya m'thumba mwake. Keziya anatenga zonse n'kumanga pansonga ya chitenje.

"Ndikufuna mulembe kalata," anatero. "Munene kuti pa 19 Okutobala iwo kunalibe, ndipo kuti anasaina masamba omwe sanawerenge."

"Mukulidziwa dzina la chinthu chimenecho? Ndi kuba ndalama za mpingo."

"Ndikulidziwa."

"Mukufuna amuna anu atchedwe wakuba? Munthu woti amawerenga mawu m'tchalitchi?"

"Wakuba amapita kukhoti, abwana. Amamuuza miyezi yake. Msuweni wanga anaba njinga mu 1976, anamupatsa miyezi isanu ndi inayi, lero akulima chinangwa ku Lupembe. Aphunzitsi a kwathu omwe anakwera galimoto yoyera mu 1975 sanabe kanthu. Mkazi wawo mpaka lero sadziwa ngati avale zakuda."

Chimwaza anatenga pensulo n'kuisiyanso. "Nanga akandifunsa kuti anawerenga ndani?"

"Muwauze."

"Ndili ndi ana asanu, mayi. Awiri ali ku sekondale. Kuno ndine mlendo, ndilibe munda, ndilibe m'bale. Inetu ndinkathandiza. Zaka zinayi ndakhala ndikuwathandiza bambowa."

"K1.56."

"Si mwezi umenewo wokha."

"Mwezi umenewo ndi umene wawatengetsa."

"Ndipo mukuganiza kuti kalata ikafika angoti pepani, tabweza? Angathe kutenga tonse awiri. Iwo akhale komweko, ine ndiwapeze. Pamenepo mwapindula chiyani?"

"Sindikudziwa. Koma pano dzina lawo silili m'buku lililonse. Ndikufuna lilembedwe penapake, ngakhale m'buku la akuba."

Chimwaza anati amupatse nthawi. Keziya anafunsa kuti masiku angati, koma iye sanatchule.

Komiti ya mpingo inakumana Loweruka pa 16. Inalamula kuti makalendala onse atenthedwe. Pa makope 800 anabwerera 763. Inalamulanso kuti kuyambira tsiku limenelo pasasindikizidwe tsamba lililonse lopanda siginecha ya wowerenga, ndipo wowerengayo asakhale woyang'anira, kuti maso azikhala awiri. Za Zebedee inalemba mzere umodzi: kuti nkhani yake ili m'manja mwa boma.

Wowerenga watsopano sanapezeke. Lolemba pa 18 kunabwera bambo wina wa satifiketi ya Folomu 4 amene ntchito ya ukalaliki inamuthera. Anawerenga masamba asanu ndi anayi bwinobwino. Atauzidwa kuti asaine, anafunsa kumene mwini mpandowo anapita, ndipo atapita kukadya masana sanabwerenso. Mphunzitsi wina wopuma anati angathe kuwerenga pa matambala 25, koma osasaina. Pa 2 Januwale komiti inakweza mtengo kufika pa matambala 20 ndipo inalengeza m'matchalitchi atatu. Palibe anabwera. Buku la nyimbo la masamba 160, lofunika Pasaka isanafike pa 15 Epulo, linali litayalidwa theka, ndipo zilembo zonse za m'nyumbamo zinali zitamangika m'menemo. Makina anali atakhala kale osazungulira masabata atatu.

Keziya anapitanso ku ofesi ija pa 20 ndi pa 27 Disembala, ndiponso pa 3 Januwale. Yankho silinasinthe. Ulendo wachitatu anatenga bulangeti ndi kathumba ka mpunga wokazinga, koma kalaliki anati sangalandire katundu wa munthu amene palibe.

Manase anadutsa pamsika Loweruka pa 6 Januwale.

"Mtengo wakwera, alamu. Zaka zisanu ndi ziwiri amuna anu anakweza matambala 7. Angochokapo, akwera 8 m'masabata atatu. Akadadziwa akadachoka kale."

"Mwabwera kudzandiseka?"

"Ndatumidwa. Abwana akuti mubwere Lolemba. Komiti yawauza kuti makina akapanda kuzungulira pofika pa 20, atseka nyumbayo, ndipo nyumba yomwe akukhalamo aibweze."

"Ine ndikawathandiza chiyani?"

"Amadziwa amene ankawerengera amuna anu Lamlungu masana."

Zinali zoona. Pulufu yaitali imafuna anthu awiri: wina awerenge mokweza zolemba za mwini nkhani, wina atsatire ndi pensulo pa tsamba lodindidwa. Mpingo sunkalipira munthu wachiwiriyo, choncho kuyambira mu 1972 Zebedee ankabwera ndi masamba kunyumba, ndipo Keziya ankamuwerengera pakhonde akabwera kutchalitchi. Nthawi zina maso a Zebedee akatopa ankasinthana. Zizindikiro zonse za m'mbali mwa tsamba Keziya ankazidziwa.

Lolemba pa 8 Januwale anapeza Chimwaza atachepa thupi, kolala ya malaya ikumukulira.

"Matambala 20 pa tsamba, mayi. Buku la nyimbo lokha ndi K32. Pamsika mumapeza zingati?"

"Zochepa."

"Eliness akufunika fizi. Ndikudziwa. Tithandizane."

"Kalata ija, abwana."

"Mayi, tikukamba za ntchito."

"Inenso ndikukamba za ntchito. Kalata itsogole, siginecha yanga itsatire. Mukapanda kulemba, funani wina."

"Mukudziwa kuti wina palibe."

"Ndikudziwa."

Chimwaza anakokera taipi pafupi, n'kulowetsa pepala la mpingo, n'kulemba ndi zala ziwiri. Zinamutengera mphindi makumi awiri. Atasolola pepalalo, Keziya anatenga pensulo patebulo n'kuliwerenga monga ankawerengera pakhonde, mzere ndi mzere. Linati:

"Ine Patson Chimwaza ndikutsimikiza kuti Zebedee Mwakalinga sanali pa ntchito kuyambira pa 16 mpaka pa 21 Okutobala 1978, chifukwa anali pa maliro a bambo ake ku Lupembe. Masamba 13 a kalendala ya 1979 sanawawerenge. Anawasaina pambuyo pake, n'kulembapo tsiku labodza, kuti alandire ndalama yomwe sanaigwirire ntchito."

"Pambuyo pake ndi liti?" anafunsa Keziya. "Lembani kuti pa 30 Okutobala. Kalendala inali itadindidwa kale pa 27. Zimenezonso lembani. Ndalama muitchule, K1.56. A khoti amafuna nambala."

Chimwaza anavomera ndi mutu.

"Simunalembe amene anawerenga."

"Ndipo sindilemba. Akandifunsa ndidzati ntchito inachuluka, masamba anapita ku makina osawerengedwa."

"Pa pulufu ija Lamlungu lililonse ndi lozunguliridwa. Wina anagwira pensulo yofiira."

"Mzere wozungulira ulibe siginecha, mayi."

"Ndiye akaganiza a Manase."

Kuseri kwa khoma kunkamveka Manase akutsuka zilembo ndi palafini.

Keziya analemba chiganizo chimodzi m'mbali mwa pepalalo, n'kuika chizindikiro cha pomwe chilowe: "Woyala zilembo anatsatira pulufu monga anaipatsidwa." Anatembenuzira pepalalo kwa Chimwaza.

Chimwaza anawerenga kawiri. "M'nyumba muno timagwira atatu. Mwachotsa amuna anu, mwachotsa Manase. Mwandisiya ndekha m'kalatamu."

"Dzina lanu lili pamwamba ndi pansi basi. Pakati mulibe."

"Anthu amenewo amadziwa kuchotsera."

"Mwina. Inenso ndikupereka dzina la bambo a ana anga."

Chimwaza anapita pazenera, nayang'ana kwa kanthawi ngolo ya ng'ombe yomwe inkatsitsa njerwa kutsidya kwa msewu. Atabwerera analowetsa pepala lina mu taipi n'kulembanso kalata yonse, pamodzi ndi chiganizo cha Keziya. Anasaina nthawi ili 11:40.

Kalata ya pa pepala la mpingo sinkatuluka komiti isanaione. Komiti inakumana Lachinayi pa 11 Januwale. Inavomera kuti kalatayo ipite, ndipo pa msonkhano womwewo inachotsa ntchito Zebedee Mwakalinga chifukwa cha kuba. Zaka zake zisanu ndi ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi zinafafanizidwa, pamodzi ndi lonjezo la K45 ndi penshoni. Chimwaza anapatsidwa chenjezo chifukwa chosayang'anira bwino. Za basela wa zaka zina palibe anafunsa. Pa nkhani ya wowerenga watsopano, komiti inati matambala 20 anali a munthu wa satifiketi, ndipo mayi wa Sitandade 8 alandire 15.

Lamlungu pa 14 mlembi wa mpingo anawerenga chigamulocho pa zolengeza, pakati pa tsiku la ubatizo ndi chopereka cha denga. Keziya anakhala pamalo pake pa benchi yachitatu, Eliness wa zaka 13 ali pambali pake, mpaka nyimbo yomaliza. Panja anthu anamupatsa moni mofulumira kuposa masiku onse.

Masana a tsiku lomwelo kunafika Ambokile, mkulu wake wa Zebedee, pa njinga kuchokera ku Lupembe. Anakana mpando ndipo anakana madzi.

"Tamva kuti kalatayo mwaipempha ndinu."

"Ndine, alamu."

"Bambo athu sanathe miyezi itatu m'manda, ndipo dzina lawo likuwerengedwa m'tchalitchi pamodzi ndi la akuba. Munafunsa ndani? Banja lino lilibe amuna?"

"Amuna alipo. Ndakhala pabenchi ya ofesi ija kanayi. Sindinakumaneko ndi mmodzi."

Ambokile anapukuta thukuta ndi chipewa. "Mng'ono wanga akadasankha kufera komweko kusiyana ndi kutchedwa wakuba. Mumamudziwa."

"Ndimawadziwa. Akabwera adzandikalipire okha."

"Akapanda kubwera?"

"Ndiye ndawaipitsira dzina pachabe, ndipo mudzanene zimenezo pa maliro anga."

Ambokile anakwera njinga osatsanzika. Mpunga womwe abale a ku Lupembe ankatumiza mwezi uliwonse kuti Keziya agulitse sunabwerenso.

Lolemba pa 15 Januwale Keziya anapereka kalatayo pazenera lija. Kalaliki anali yemwe uja. Anaitsegula pomwepo n'kuiwerenga milomo ikuyenda.

"Ndiye mwabwera kudzaneneza amuna anu?"

"Inde, bambo."

"Ena amabwera ndi nkhuku, ena ndi misozi. Inu mwabwera ndi mlandu." Anaseka pang'ono, n'kuitana mnzake wa m'kati kuti adzaone. Mnzakeyo anawerenga osaseka.

"Khoti likhala liti?" anafunsa Keziya.

"Khoti la ndani?"

"La a Mwakalinga. La kuba."

"Tinakuuzani kuti dzina limenelo tilibe."

"Nanga kalatayi?"

Kalalikiyo anaidinda, n'kulemba tsiku, n'kuiika m'thireyi ya kumanzere kwake. "Ipita kumene iyenera kupita."

Keziya anapempha kapepala kosonyeza kuti alandira. Anamuuza kuti ofesi imeneyo sipereka timapepala.

Ntchito anayamba m'mawa mwake, pa mpando wa mwamuna wake. Analibe womuwerengera mokweza, choncho tsamba lililonse ankaliwerenga kawiri, ulendo woyamba ndi chala pa zolemba za mwini nkhani, wachiwiri ndi rula pansi pa mzere. Zimenezi zinkamuchedwetsa. Mu Januwale anasaina masamba 88 ndipo analandira K13.20. Mu Febuluwale anasaina 131. Buku la nyimbo linatuluka pa 29 Malichi. Chimwaza sanamupatsepo tsamba loti asaine osawerenga, ndipo mawu akuti basela sanamvekenso m'nyumbamo.

Lachiwiri pa 6 Febuluwale galimoto yoyera inabweranso. Inatenga Chimwaza nthawi ya 9 koloko ndipo inamubweza 1 koloko itadutsa. Analowa, n'kukhala pa tebulo lake osavula jekete. Manase anazimitsa makina.

"Anakufunsani za kalata, abwana?" anafunsa Keziya.

"Anandifunsa za makope 37 omwe sanabwerere."

"Za kalata?"

"Sanaitchule."

"Za a Mwakalinga?"

"Ndinafunsa ndine. Anati ndiziyang'ana ntchito yanga." Anatenga pulufu yomwe inali pamwamba n'kuiyang'ana mozondoka. "Yatsani makina, Manase."

Mu Juni, Chimwaza anapempha kuti asamutsidwe, ndipo mu Ogasiti anapita kummwera ndi banja lake. Wolowa m'malo mwake anabwera ndi lamulo la komiti loti wowerenga akakwanitsa zaka khumi adzaganiziridwa za malipiro a pamwezi. Zaka za Keziya zinayamba kuwerengedwa kuchokera pa 16 Januwale 1979.

Lolemba lililonse, asanalowe ntchito, Keziya ankadutsira pa khoti la pa Boma, pomwe ankakhoma mndandanda wa milandu ya sabata imeneyo pa bolodi la pakhonde. Ankauwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mlonda wa pakhotipo anazolowera, mwakuti akamuona ankasuntha njinga zotsamira pa bolodi. Kawiri, mu Epulo ndi mu Sepitembala, anafunsa kalaliki wa khoti ngati munthu wotengedwa pa Karonga angaweruzidwe ku boma lina popanda abale ake kudziwitsidwa. Ulendo woyamba anati sizingatheke. Ulendo wachiwiri, kalaliki wina anati zimatheka.

Mndandanda womaliza wa chakacho unakhomedwa pa 31 Disembala 1979. Unali ndi milandu khumi ndi umodzi: inayi ya ng'ombe, itatu ya ndewu, iwiri ya katundu wolowa mozemba pa Songwe, ndi iwiri ya kuba. Dzina la Zebedee Mwakalinga panalibe. Pofika tsiku limenelo palibe amene anali atauza Keziya kumene mwamuna wake akusungidwa, kapena ngati kalata ija inachoka m'thireyi.